Kadamsana wa mwezi wa pa 28 Ogasiti 2026: ku Zomba tikaonere pati?

Nachisale_Naisi

Moni nonse. Pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti kumapeto kwa Ogasiti kudzakhala kadamsana wa mwezi, koma ena akuti pa 27, ena pa 28, nthawi nazonso zikusiyana. Odziwa tithandizeni. Kuno ku Zomba adzaoneka? Nthawi yanji? Pali ana a sukulu ngati 15 a kuno ku Naisi amene akufuna kudzaona. Tingoima pabwalo kapena tikwere kuphiri? Nanga maso a ana sangawonongeke? Chojambulira ndi foni basi.

Aphunzitsi_aJogalafe

Mayi Nachisale, adzaoneka ndithu, koma sitidzamuona mpaka kumapeto, ndipo si wa madzulo ngati uja wa pa 7 Seputembala 2025. Uja mwezi unali utangotuluka kum'mawa, mthunzi unayamba kuudya 6:27 madzulo, pofika 7:30 unali utafiira wonse, moti munthu ankangoima pakhonde n'kuona. Uyu ndi wa m'bandakucha, mwezi uli pafupi kulowa kumadzulo.

Tsiku lake ndi usiku wa Lachinayi pa 27 kuchera Lachisanu pa 28. Amene akulemba 27 akukopera masamba a ku America, kumene madera ambiri kudzakhale kukadali usiku wa pa 27. Mukadikira Lachisanu madzulo mudzapeza zitatha kalekale. Mukaona nthawi yolembedwa UTC kapena GMT, imene ndi nthawi yoyendera dziko lonse, wonjezerani maola 2, ndiye mwapeza nthawi ya ku Malawi.

Pa nthawi yathu zidzayenda chonchi. Cha m'ma 3:23 mwezi udzalowa mumthunzi wopepuka wa m'mbali. Apa musadzutse mwana, palibe chooneka, mwezi umangozilala pang'ono moti ambiri sazindikira. Zenizeni zidzayamba 4:33, pamene mthunzi wakuda wapakati udzayambe kudya mwezi kuchokera pamwamba pake. Pofika 5:00 udzakhala utadya gawo limodzi mwa magawo atatu a m'mimba mwa mwezi, 5:15 theka, 5:30 kupitirira pang'ono magawo awiri mwa atatu. Pachimake ndi 6:13, pamene 93 peresenti idzakhale itaphimbika, koma ife sitidzafikapo. Dzuwa lidzatuluka cha m'ma 5:47 ndipo mwezi udzalowa cha m'ma 5:50. Komanso kuyambira cha m'ma 5:25 kunja kudzakhala kutayera, mbali yodyedwa ija n'kumasowa m'thambo. Choncho nthawi yabwino ndi ya pakati pa 4:33 ndi 5:30, ola limodzi losakwana.

Za maso musadandaule. Mwezi ulibe kuwala kwakewake, umangobweza kwa dzuwa, ndipo pa kadamsana umachita kuchepa mphamvu. Yang'anani ndi maso, ndi ma binoculars, mmene mungafunire, popanda magalasi apadera. Woopsa ndi kadamsana wa dzuwa, ngati uja wa pa 21 Juni 2001 amene anachititsa mdima masana ku Lusaka. Ngozi imodzi yokha m'mawa umenewo ndi iyi: dzuwa lidzatulukira kumbuyo kwanu, ndiye mwana amene wagwira ma binoculars asatembenuke nawo n'kuloza dzuwa. Ikamakwana 5:40 alandeni, muike m'chikwama.

Ana adzafunsa chimene chikuchitika. Dziko limakhala pakati pa dzuwa ndi mwezi, mthunzi wake n'kugwera pamwezi. Pamene pali mwezi, pa mtunda wa makilomita ngati 384,000, mthunzi wakudawo ndi wotambalala makilomita ngati 9,000, pomwe mwezi ndi makilomita 3,474 m'mimba mwake. N'chifukwa chake m'mphepete mwa mthunzi mumaoneka mokhota ngati mbali ya mbale yaikulu. Aonetseni ana kukhota kumeneko, ndi umboni wooneka ndi maso woti dziko ndi lozungulira. Izi sizichitika mwezi uliwonse chifukwa njira ya mwezi ndi yopendekeka ndi madigiri 5, ndiye kawirikawiri umadutsa pamwamba kapena pansi pa mthunziwo.

Jah_Matawale

Kwerani kuphiri basi, Queen's View kapena Emperor's View. Pamwamba palibe chotchinga, palibenso magetsi a m'tauni.

Mlondaphiri

Ayi achimwene, pamenepo muwasocheretsa. Queen's View ndi Emperor's View amayang'ana kuchigwa, cha ku Chilwa, Phalombe ndi Mulanje. Ndi malo abwino zedi oonera mwezi ukutuluka. Koma ulendo uno mwezi uli kumadzulo, kumbuyo kwanu, kumene kuli zitunda ndi mitengo ya paini. Mudzakhala mwakwera usiku, mwazizidwa, n'kumayang'ana nkhalango. Za magetsi a m'tauni nazo sizikhudza mwezi. Magetsi amabisa nyenyezi zing'onozing'ono, mwezi ayi. Bola nyale isakhale pamaso panu penipeni.

Nkhani yonse ku Zomba ndi phiri. Tauni ili pa mamita ngati 900 kuchokera pa nyanja yamchere, nsonga ya Malumbe ili pa mamita opitirira 2,000. Khoma la mamita 1,000 limeneli likakhala kumadzulo kwanu, limameza mwezi nthawi yake yolowa isanakwane. Ndipo mwezi wa tsikulo udzakhala uli kale m'munsi. Pa 4:33 udzakhala madigiri ngati 17 pamwamba pa chizimezime, pa 5:00 madigiri 11, pa 5:15 madigiri 8, pa 5:30 madigiri 4 okha.

Madigiriwa amayezedwa ndi dzanja. Tambasulani mkono wonse, fumbatani chibakera, tsinzinani diso limodzi. Chibakera chimodzi ndi madigiri ngati 10, kaya ndi cha mwana kaya cha wamkulu, chifukwa wa dzanja laling'ono mkono wakenso ndi waufupi. Yambirani pa mulingo wa maso anu, osati patsinde pa phiri, n'kumasanja zibakera chimodzi pamwamba pa chinzake mpaka pamene phiri, denga kapena mtengo wathera. Mwezi umatsika madigiri ngati 14 pa ola, ndiye chibakera chilichonse chimakudyerani mphindi 40 ndi pang'ono. Chotchinga cha chibakera chimodzi, mwezi mudzautaya cha m'ma 5:07. Cha zibakera ziwiri, udzabisala cha m'ma 4:25, kadamsana asanayambe n'komwe.

Koma muyeze mbali yoyenera. Mwezi udzalowera kumadzulo, mopendekera pang'ono kummwera. Amene ali ndi kampasi pa foni, ndi pakati pa madigiri 265 ndi 260. Amene alibe, nayi njira yophweka. Sabata imeneyo onani pamene dzuwa likulowera. Mutayang'ana kumeneko, werengani zibakera ziwiri kumanzere. Mwezi udzatsikira pamenepo. Anthu ambiri amalakwa poyang'ana pamene palowera dzuwa penipeni, kapena powerenga kumanja.

Njira ina yotsimikizira ndi kudzuka Lachinayi pa 27 m'mamawa, kuima pamalo amene mwasankha, n'kulemba nthawi imene mwezi wabisala. Tsikulo umalowa cha m'ma 5:10 pamalo opanda chotchinga. Pa nthawi imene mwalembayo wonjezerani mphindi 40, mwapeza nthawi ya Lachisanu. Kumbukirani kuti Lachisanu udzakhala utasunthira kumanja ndi theka la chibakera, ndipo kwa ambiri a m'tauni kumanja ndiko kuli phiri.

Tsono malo. A ku Songani, Domasi ndi Malosa phiri lili kumadzulo kwawo kwenikweni, ndiye amene ali patsinde ataya zambiri. A ku Naisi ndi amene ali chakumtunda, cha ku Botanical Garden ndi mumsewu wokwera ku Ku Chawe, yezani musanalonjeze ana, chifukwa nyumba ziwiri zoyandikana zikhoza kusiyana malinga ndi chitunda ndi mitengo. Mukamatalikira phiri zinthu zimakoma. Kutsika ndi msewu wa ku Kachulu kapena wa ku Jali, phiri limafupika m'maso. Kuchokera m'mphepete mwa Chilwa, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30, phiri lonse lija silikwana ndi theka la chibakera. Mbali ya msewu wa ku Blantyre, cha ku Thondwe, phiri limatsalira kumpoto, kumadzulo n'kutseguka. Odala kuposa onse ndi a ku Chingale, kuseri kwa phiri, amene kumadzulo kwawo ndi chigwa cha Shire.

Wina atchula Chingwe's Hole, ndidziwiratu. Inde pamenepo pamayang'ana kumadzulo, chigwa cha Shire chili poyera. Koma msewu wake ndi woipa, umafuna galimoto yamphamvu, pali phompho komanso dzenje lenilenilo, ndipo mungafunike kufikako 4 koloko usiku. Akuluakulu ochepa okhala ndi munthu wodziwa njira akhoza kuyesa. Ana 15 mumdima, ayi. Bwalo la mpira lotseguka kumadzulo likukwanirani, ndipo muime kumapeto kwake kwa kum'mawa kuti mitengo ya tsidya linalo ifupike.

Nyengo. Kumapeto kwa Ogasiti mvula si nkhani, koma pali adani awiri. Woyamba ndi chiperoni. Mphepo ya mwera ikaomba masiku angapo, mitambo imakhala paphiri ndipo pamwamba pamachita nkhungu pamene kuchigwa kuli koyera, chifukwa chinanso chosakwerera. Wachiwiri ndi utsi wa moto wa tchire ndi fumbi. Zimenezi zimaunjikana m'munsi mwa thambo, ndipo mwezi ukatsika kufika madigiri 5 ukhoza kungozimirira m'chifunga usanafike pansi. Choncho musawerengere mphindi zomaliza. Ana avale majuzi, zipewa ndi nsapato, m'bandakucha wa Ogasiti umaluma. Fikani 4:15.

Nachisale_Naisi

Zikomo kwambiri bambo Mlondaphiri, tiyeza mawa madzulo. Nanga udzafiira ngati chaka chatha? Ana amva zoti mwezi usanduka magazi.

Aphunzitsi_aJogalafe

Auzeni zoona mayi, kuti asadzakhumudwe. Kufiira kwenikweni kumaoneka mwezi wonse ukalowa mumthunzi, kunja kuli mdima. Ulendo uno mbali ina ya mwezi idzakhala ikuwalabe mwamphamvu, ndipo kuwalako kumathobwa maso moti mbali yodyedwa imaoneka yakuda bii kapena yotuwa. Pakati pa 5:10 ndi 5:25, ndi ma binoculars, mukhoza kuona kufiirira ngati kwa njerwa yowotcha cha pamwamba pa mwezi. Chithandizo chake ndi kusuntha ma binoculars kuti mbali yowala ituluke kunja kwa bwalo loonera.

Kufiirako si magazi. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumpweya wozungulira dziko. Mpweyawo umamwaza kuwala kobiriwira ngati thambo, n'kukhotetsera kofiira mkati mwa mthunzi. N'chimodzimodzi ndi kufiira kwa dzuwa likamalowa. Mpweya ukakhala ndi phulusa lambiri, mwezi umada kwambiri. Phiri la Pinatubo ku Philippines litaphulika mu 1991, kadamsana wa mu Disembala 1992 anali wakuda moti mwezi unatsala pang'ono kusaoneka.

Musasokonezenso zinthu ziwiri. Mwezi uliwonse ukatsika m'munsi umaoneka wachikasu kapena wofiirira chifukwa cha utsi ndi fumbi, ngakhale popanda kadamsana. Kumeneko ndi kufiira kwa mwezi wonse. Kwa kadamsana kumakhala mbali ya mthunzi yokha.

Che_Mjambuli

Amama, za foni ndi ma binoculars ndiyankhe ine.

Foni ikaloza kumwamba usiku imaona mdima wambiri, ndiye imatsegula kuwala mpaka mwezi n'kusanduka kadontho koyera kopanda maonekedwe, kudyeka kuja osaoneka. Vuto si foni yotchipa, ndi yoisiya iganize yokha. Zimitsani flash. Ngati ili ndi Pro kapena Manual, ikani ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) pa 50 kapena 100, shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) pa 1/250 ya sekondi, focus mukankhire kumapeto kumene kuli chizindikiro cha phiri kapena cha 8 wogona. Jambulani, onani. Mwezi ukayera mopitirira pitani pa 1/500, ukada bwererani pa 1/125. Mwezi ukamatsika umazilala, ndiye mphindi 10 zilizonse muzichedwetsa shutter pang'ono. Ngati Pro mulibe, dinani pamwezi pa sikirini, gwiritsitsani mpaka focus itseke, kenako kokerani pansi kachizindikiro ka dzuwa mpaka mabala a pamwezi aoneke.

Zoom yokoka ndi zala ija siwonjezera kanthu, imangokulitsa timadontho. Ngati foni ili ndi lens ya 2x kapena 3x, gwiritsani imeneyo n'kulekera pomwepo, mudzadula chithunzi pambuyo pake. Mafoni ena akazindikira mwezi amaukongoletsa okha, chithunzi n'kutuluka chosiyana ndi zimene zinali kumwamba. Zimitsani zokongoletsazo ngati mukufuna ana aone zenizeni.

Kugwedera ndiko kumapha zithunzi zambiri. Tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) ngati palibe, dzazani mchenga kapena mpunga m'sokosi, kilogalamu imodzi yakwana, ikani pakhoma kapena padenga la galimoto, foni itsamire pamenepo. Ikani timer ya masekondi 3 kuti chala chisagwedeze. Pukutani lens ndi kansalu kofewa, chifukwa mafuta a zala ndi mame a m'mamawa ndi amene amachititsa kuti mwezi uzioneka ngati uli ndi ndevu. Foni ikhale yodzaza moto ndipo muziisunga m'thumba la mkati, batire ikazizidwa imatha msanga.

Kunena zoona, chithunzi chabwino cha foni tsikulo si cha mwezi wokha. Ndi cha cha m'ma 5:20 mpaka 5:30, thambo litayamba kuyera, mwezi wodyeka uli pamwamba pa mtengo kapena chitunda, ana ataima kutsogolo ngati zithunzithunzi zakuda. Nthawi imeneyo kuwala kwa mwezi ndi kwa thambo kumayandikana, foni sivutika.

Ma binoculars, ngati mungabwereke, funani olembedwa 7x50, 8x42 kapena 10x50. Nambala yoyamba ndi kukulitsa, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Opitirira 10 amagwedera m'manja, ana sangaupeze mwezi. Aja olembedwa manambala odabwitsa ngati 60x90 koma ang'ono ngati paketi ya machesi, nambalazo ndi zabodza. Akonzeni masana. Tsekani galasi lakumanja, zungulizani gudumu lapakati mpaka chinthu chakutali chioneke bwino ndi diso lakumanzere. Kenako tsekani lakumanzere, zungulizani kamphete ka padiso lakumanja kokha. Mukaona miyezi iwiri, pindani kapena tambasulani pakati mpaka mabwalo awiri akhale limodzi. Ikakhalabe iwiri, magalasi a mkati anasuntha, yang'anirani diso limodzi. Zigongono zitsamire pakhoma. Mwana aliyense masekondi 30, chingwe chili m'khosi, ndiye ana 15 azungulira kamodzi pa mphindi 8 kapena 10, aliyense aona kasanu mwezi ukusintha.

Mukhoza kulumikiza ziwirizi. Mangani ma binoculars pampando kapena pamtengo ndi lamba wa chubu, lozetsani mwezi, gunditsani lens ya foni pa diso limodzi, sunthani pang'onopang'ono mpaka bwalo lowala lidzaze sikirini. Mwezi umathawa m'bwalomo, ndiye muzilozanso pafupipafupi. Yeserani usiku wa pa 25 kapena 26. Kuphunzira zimenezi 4:40 m'mawa, zala zitauma ndi kuzizira, n'kutaya kadamsana.

Kwa amene ali ndi kamera yaikulu: mbali yowala ISO 100 kapena 200, f/8, 1/125 mpaka 1/250. Mbali ya mthunzi ISO 800 mpaka 1600, f/5.6, theka la sekondi. Mbali ziwirizi sizingatuluke bwino pa chithunzi chimodzi, kuwala kwake n'kosiyana kwambiri, ndiye jambulani ziwiriziwiri. Ndi lens ya 300 mm musapitirire sekondi imodzi, mwezi umayenda, chithunzi chimapaka. Kukula kwa mwezi pa sensor ndi kutalika kwa lens kugawa ndi 109, kutanthauza kuti 300 mm ikupatsani mwezi wa mamilimita osakwana 3. Autofocus izimitsidwe mukangopeza focus, apo ayi izisakasaka mumdima.

Jah_Matawale

Ndagonja za Queen's View. Nanga wofiira wonse adzabweranso liti kuno?

Aphunzitsi_aJogalafe

Pakhala kudikira, achimwene. A mu 2027 ndi a mthunzi wopepuka okhaokha, osayenera kutayira tulo. Pa 6 Julayi 2028 kuli wodya mbali, osafika theka, pachimake cha m'ma 8:20 usiku, mwezi uli kum'mawa, nthawi yabwino kwa ana.

Wofiira wonse ndi wa Lamlungu pa 31 Disembala 2028. Mwezi udzatuluka cha m'ma 6:10 madzulo utadyeka kale pafupifupi wonse, udzakhala mumthunzi wonse kuyambira 6:16 mpaka 7:27. Poyamba udzavuta kuupeza chifukwa kunja kudzakhala kukadali koyera, dikirani cha m'ma 6:45. Udzatulukira kum'mawa mopendekera kumpoto, ndiye pamenepo phiri silisokoneza a m'tauni, ndipo a ku Chingale ndi amene adzalire. Vuto ndi dzinja, mitambo ya Disembala.

Wamkulu ndi wa m'bandakucha wa Lachiwiri pa 26 Juni 2029. Kudyeka kudzayamba 3:32, mwezi wonse mumthunzi kuyambira 4:31, kwa mphindi 102, kungotsala pang'ono kufanana ndi uja wa pa 27 Julayi 2018 amene anatenga ola limodzi ndi mphindi 43. Nawonso ndi wa kumadzulo, udzalowa ukadali wofiira, koma udzatsikira kummwera kwambiri, cha pa madigiri 246, ndiye zibakera zimene muyeze chaka chino sizidzagwira ntchito, mudzayezenso. Wina ndi wa usiku wa pa 20 kuchera pa 21 Disembala 2029, pachimake 12:42 usiku, mwezi uli pamwamba chakumpoto, mumthunzi wonse kwa mphindi 54.

Mlondaphiri

Mayi Nachisale, mukayeza mawa lembani pano zibakera zimene mwapeza ndi mbali imene mwaima. Zikapitirira chimodzi ndi theka, sakani bwalo lina chakumunsi, ndipo makolo a anawo auzidwe Lachitatu, chifukwa kunyamuka ndi 4 koloko kukadali mdima. Akuluakulu akhale atatu, wina kutsogolo, wina kumbuyo, matochi awiri oyendera. Mukafika pabwalo matochi azimitsidwe.